Matiresi a thonje ndi chikwama cha Esitere

Cosmo City, Joni
7 Febuluwale 2014

Okondedwa achemwali anga a Elina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Mvula ikugwa bwanji ku Utale, thonje lakula kufika pati? Ife kuno tili bwino, ndipo ndikati ife ndikunena anthu awiri, ine ndi Esitere. Werengani kaye mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Mawu anu a pafoni aja anandiwawa, koma sindikukuimbani mlandu. Munati ndachititsa manyazi mtundu wonse, kuti mwamuna wothawa pabedi la mkazi wake miyezi itatu, n'kumagona pakhomo ngati mlonda, ndiye kuti wapeza kwina. Nkhani yake inali yoti sindikanatha kuinena nditaima pamsewu anthu akudutsa. Ndiye ndati ndilembe ndi dzanja langa, paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mukudziwa kale kuti amalume ake a Esitere analamula kuti mwana wawo abwerere kumudzi, ndipo anamusungitsira malo m'basi ya a Tawakali, dalaivala amatinyamulira katundu uja, yonyamuka mawa Loweruka. Chimene simukudziwa ndi chimene chinanditsitsa pabedipo.

Mu Juni chaka chatha ndinagula matiresi. Kuno Juni amazizira moti madzi a pampopi amaluma zala, choncho ndinasankha a siponji yochindikala kuposa chikhatho changa. Anabwera atakutidwa m'chipepala cha pulasitiki. Esitere anatenga mpeni kuti aching'ambe, ine n'kumugwira dzanja. Khalidwe lathu ife a ku Joni mukulidziwa, chilichonse chabwino timati n'chakumudzi. Wailesi inali m'katoni yake, mapoto atsopano anali m'katoni yawo pansi pa bedi, ife n'kumaphikira m'kapoto kobenthuka. Ndinkafuna kuti tsiku lodzatsika basi pa Balaka, matiresiwo adzaoneke ngati angochoka m'sitolo. Tinangoyala nsalu pamwamba pa chipepalacho. Munthu ukatembenuka chinkalira chekechekeche, koma tinazolowera.

Miyezi yozizira tinagona ngati mabwana. Okutobala atafika, zinthu zinatembenuka. Tikukhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, ka malata opanda siling'i, zenera limodzi. Ndinayamba kudzuka nditanyowa thupi lonse, nsalu yochita kufinya. Esitere thupi lake ndi lozizira chibadwire, iye ankangogona osadandaula. Ine tulo tinatha, chakudya chinasiya kukoma, lamba ndinaboola bowo lina. Kuphatikizanso kachifuwa ka utsi wa ntchito yanga yowotcherera zitsulo.

Achemwali, inu ndi amene munkachapa zofunda za malemu achimwene a Wedisoni. Mukukumbukira mmene zinayambira: thukuta la usiku, kuwonda, kutsokomola. Ine nditaona zitatu zonsezo pathupi langa, sindinafunsenso munthu. Ndinadziweruza ndekha kuti nthawi yanga yakwana, ndipo mantha anandigwira amene sindinawamvepo chibadwire.

Ndinati ngati ndikudwala ndidwale ndekha, Esitere, mwana wa eni ake, ndisamupatsire. Ndinatola makatoni, n'kuyala pasimenti pafupi ndi chitseko. Esitere ndinamunamiza kuti msana ukundipweteka. Kapu yanga ndinaipatula, mbale yanganso. Kuchipatala sindinapite chifukwa ndinkaopa kumva ndi makutu chimene ndinali nditachimva kale mumtima.

Mkazi wanga anandifunsa mofatsa, anandifunsa molira, anandifunsa mokalipa. Anafufuza m'foni mwanga, ananunkhiza malaya anga, osapeza kanthu. Ataona kuti Khirisimasi yadutsa ine ndili pamakatoni pomwepo, anaimbira amalume ake. Ndinamuona akupinda zitenje zake chimodzichimodzi n'kumaika m'chikwama, ine pakamwa pali tseke. Ndikanafera ku una ngati mbewa ya manyazi ija.

Amene ananditsegula m'maso ndi mdala wina dzina lake a Suwedi. Loweruka lina mu Januwale ndinapeza ganyu yokonza geti la kanyumba kosokera matiresi ku Doornfontein, m'kati mwa tauni, ndipo iwo ndi amene amasoka mmenemo. Anabadwira konkuno, koma bambo awo anachokera ku Mangochi kudzagwira ntchito m'migodi. Kumudzi sanapondeko, ndipo Chichewa chawo n'chobookabooka, amachigamba ndi Chizulu. Anandipeza ndikusinza nditagwira chitsulo m'manja. Anandikhazika pabelo la nsalu, n'kundifunsa kuti mfana wa kwathu, chikukudya n'chiyani.

Sindikudziwa chifukwa chake munthu amaululira mlendo zimene akubisira mkazi wake, koma ndinawauza zonse. Anamvetsera osandidula. Kenako anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti pamakatonipo thukutalo limabweranso kapena ayi. Ndinaganiza, n'kuganizanso. Achemwali, miyezi itatu yonseyo pasimenti ndinkadzuka wouma, koma mantha sanandilole kuzindikira. Atamvanso za chipepala cha pulasitiki chija, anaseka mpaka singano inawagwa m'manja. Anati eish, iwo akalamba asanamvepo matenda okonda bedi koma oopa katoni.

Atatha kuseka anauma nkhope. Anati iwo ndi osoka matiresi, si dokotala, ndiye ndisayerekeze kubwerera kwa iwo ndisanapite ku kiliniki, ndipo ndipite ndi mkazi wanga, osati ndekha ngati wakuba.

Lamulungu titachokera kutchalitchi ndinamuuza Esitere. Ndinkayesa kuti asangalala kumva kuti kulibe mkazi wina. Ndinalemba m'madzi. Anakwiya kuposa kale. Anati nkhani ya chibwenzi inkamupweteka, koma kumva kuti ndinakonzeka kufa osamuuza kwamupweteka koposa, chifukwa zikusonyeza kuti m'nyumba muno ndimamuyesa mlendo. Komabe Lolemba m'mawa iye ndi amene anayamba kuvala, ndipo pamzere wa ku kiliniki anaima patsogolo panga.

Anatiyeza magazi tonse awiri, ine ananditenganso makhololo. Za magazi anatiuza tsiku lomwelo, za makhololo tinadikira mpaka Lachisanu. Zonse zinatuluka bwino. Mulibe kachilombo, mulibe chifuwa chachikulu. Ndinatuluka pachipatapo n'kugula zitumbuwa za kuno zimene amati magwinya zisanu, n'kudya ndekha zonse nditaima.

Koma chikwama sichinamasulidwe. Esitere anati pepala la adokotala waliona, chimene sanachione ndi mwamuna wake atagona pambali pake mpaka kucha. Anati akapanda kuchiona chimenecho, malo ake m'basi ya a Tawakali akadalipo.

Chipepala chija anaching'amba yekha, mokwiya, ngati akusenda mbuzi. Zinathandizako pang'ono, koma siponjiyo imasunga kutentha ngati mbatata yootcha. Ndinkayamba pabedi, pofika m'bandakucha ndatsetserekera pansi osadziwa. M'mawa iye ankangondiyang'ana.

Loweruka lapitali tinalowa m'tauni kukasaka matiresi ena. Tinayambira m'sitolo ina yaikulu ya mipando. Wogulitsa wake, wovala tayi, anatitengera pa matiresi amene akuti siponji yake imakumbukira thupi la munthu. Anandiuza ndigonepo ndimve ndekha. Kufewa kwake sindingakane, ndinamira ngati m'matope a m'dambo. Koma pasanathe mphindi khumi msana unayamba kufuka, malaya n'kumamatira. Esitere anandigwira kumsana, n'kuuza wa tayi uja kuti ife tikufuna oiwala, osati okumbukira, ndipo anandikoka mkono.

Kwa a Suwedi kunalibe magalasi kapena nyimbo, koma anachita chimene m'sitolo muja sakanachita. Anasula ulusi m'mbali mwa matiresi amodzi kuti tione za m'kati. Pakati pali masipuling'i, ndipo anati ubwino wake ndi mpata umene uli pakati pawo, chifukwa munthu akatembenuka mpweya wotentha umatuluka, wozizira n'kulowa. Pamwamba pa masipuling'i pali ulusi wa makoko a kokonati woupsinja ngati chopondera pakhomo. Pamwamba pake m'pamene amayala thonje, n'kukutira ndi nsalu. Anandiphunzitsanso kuyesa nsaluyo: kuiika pakamwa, kuuzira, dzanja lili kuseri. Mpweya ukafika padzanja, nsaluyo ndi yabwino. Ndinauzira nsalu zisanu ndi imodzi ngati munthu wosonkha moto wa nkhuni zaziwisi, ziwiri zokha ndi zimene zinadutsa.

Pamene ndinanyadira mkazi wanga ndi apa. M'nyumbamo munali mabelo awiri a zoyera, ofanana ndendende. A Suwedi, pofuna kumuyesa, anamufunsa kuti thonje lenileni ndi liti. Iwo sankadziwa kuti akufunsa mwana wa ku Utale amene wathyola thonje kuyambira asanayambe sukulu. Esitere anatsina pang'ono pabelo lililonse, n'kupempha machesi. Choyamba chinasungunuka n'kusanduka kambulu kakuda kolimba, kakununkha jumbo yopsa. Chachiwiri chinayaka n'kusiya phulusa lofewa. Sanalekere pomwepo. Anapisa dzanja m'belo lachiwirilo mpaka m'chigongono, n'kutulutsa njere ya thonje imene makina anaiphonya. Mdala uja anawomba m'manja. Anati bambo awo ankawauza za minda ya thonje ya kwawo, koma iwo chisokereni matiresi sanaganizepo zofunafuna njere. Anaipempha, n'kuiika m'thumba la malaya.

Tinasankha a masipuling'i, a kokonati ndi thonje lomwelo, nsalu yake yoyera ya mizere yobiriwira imene Esitere anaikonda. Ndi olimbirako, munthu sumira, umagona pamwamba. A Suwedi anatinso tizitembenuza mwezi uliwonse, tiziwatulutsa padzuwa nthawi zina, ndipo bedi lake lisakhale la thabwa lotseka.

Pamenepo ndiye panali pa ine tsopano. Lamulungu masana ndinabwereka makina, n'kuwotcherera bedi langalanga, lalitali kufika m'mawondo, zitsulo zake zotalikirana kuti mphepo izidutsa pansi. Makatoni onse a pansi pa bedi ndinawatulutsa. Mapoto aja tikuphikira, wailesi ija ikulira panopa pamene ndikulemba. Akumudzi adzaona zakale, palibe kanthu.

Matiresi anafika Lachiwiri madzulo. Lachitatu ndinadzidzimuka dzuwa lili pazenera, nthawi itadutsa seveni, thupi lili gwa, louma ngati chimanga cha m'nkhokwe. Esitere anali atadzuka kalekale, atakhala pampando akungondiyang'ana, ndipo sanandidzutse dala. Kuntchito kwanga ku Midrand ndinafika mochedwa koyamba chiyambireni ntchito. Kapitawo anandikalipira pamaso pa anthu onse, ine ndikungomwetulira, mpaka anafunsa anzanga ngati ndayamba kumwa m'mawa. Lero ndi tsiku lachitatu ndikudzuka chimodzimodzi, kunja kukutentha monga kale.

Dzulo pobwera kuntchito ndinapeza zitenje zake zili pachingwe, chikwama chili pamwamba pa kabati chopanda kanthu. Sanachite mwambo uliwonse. Anangondiuza kuti ndikasamba ndipite kwa a Tawakali ndikawauze kuti malo aja agulitse kwa wina. Achemwali, ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kwambiri kuti eni nyumba asamve kuti bambo wamkulu akulira.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ibwera ndi a Tawakali m'malo mwa Esitere. Mukailandira, musachedwe, mupite nayo kwa amalume ake, apongozi anga alinso pomwepo, ndipo mukawawerengere yonse. Musadumphe pamene pali manyazi anga, ngakhale pa makatoni paja. Iwo anamva kuti mwana wawo wakanidwa, ndiye amvenso kuti wolakwa ndine ndi mantha anga, iye alibe banga. Mukawauze kuti ndikadzabwera ndidzafika ndekha kudzapepesa ndi pakamwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo wayambanso kunenepa. Moni kwa alamu, kwa amalume athu, kwa azakhali, kwa mlamu wathu wamasiye wa achimwene ndi ana ake, ndi kwa adzukulu onse a amayi. Esitere akupereka moni kwa inu makamaka, akuti zikomo pondikalipira.

Waiwerenga kalatayi ndisanaimate, ndipo wandilamula kuti ndiwonjezere mawu awa, apo ayi saipereka. Akuti musaganize kuti wakhala chifukwa cha matiresi. Wakhala chifukwa ndinatsegula pakamwa. Akuti tsiku limene ndidzamubisirenso chondiopsa, sadzaimbira amalume ake kapena kulira, ndidzangopeza chitseko chili chokhoma, kiyi ali kwa eni nyumba. Ndalemba monga wanenera, ndipo ndamva.

Ndine mlongo wanu wogona tulo,
Julius