Anthu a ku Nukesawa

Lolemba, 5 Julayi

Mvula. Tsiku lachiwiri la kampeni. Pakhosi pali bwino, madzi a uchi m'mawa monga kale.

Galimoto yatsopano, yoyera, zimkuzamawu padenga. Dalaivala yemwe uja, a Otsuki. Pa azimayi onse ogwira maikolofoni wamkulu ndine, enawo ndi amsinkhu wa mwana wanga Mikako. A Otsuki atandiona: "Kambalame kathu kakale kafika. Nthenga zinathothoka, koma mlomo ulipo." Ndawamenya ndi golovesi.

Akhansala a Kuramochi anenepa. Zisankho zawo zonse za ukhansala wowaitanira dzina ndinali ine, kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Tsopano akufuna uphungu, ku Tokyo. Andigwira dzanja: "Mayi Ogiwara, mawu anuwa ndi amene anandinyamula. Mundinyamulenso komaliza." Dzanja lawo lozizira ngati nsomba.

Ntchito ndi yomwe ija. Dzina lawo, dzina la dera, zikomo. Dzina lawo, dzina la dera, zikomo. Mkono panja pa windo, kukhale munthu kapena ayi.

Lachitatu, 7 Julayi

Mvula. Masana takwera ku Hinatano.

Sindikonda kupitako ndi galimotoyi. Ndinabadwira konko, kusanakhale Hinatano. Kunali Kajiyato, kunali Ushikubo, ndipo kumtunda kwenikweni kunali Nukesawa, khwawa logumuka. Amene analimbikira kuti maina atatuwa afafanizidwe ndi akhansala omwewa. Ankati dzina lotere ndani angagule nalo nyumba. Phiri analidula, khoma lalitali la simenti, nyumba zoyera m'mizere. Lero ndi Hinatano Woyamba, Wachiwiri, Wachitatu. Pamsonkhano uliwonse amayambira pamenepo kudzitama.

Mikako ndi mwamuna wake Noriaki ali mu Wachitatu, mzere womaliza, khoma kuseri kwa khitchini. Ndi woyembekezera, mwezi wamawa.

Takhotera pakhomapo, ndanena zanga. Potsika, a Sunaga ogulitsa tofu, chakudya cha soya chija, atuluka m'sitolo manja ali chinyowere, awerama mpaka m'mawondo. "Zikomo potitchula. Papita zaka."

Sindinamvetse. A Otsuki, maso ali pamsewu: "Mwati anthu a ku Nukesawa. Osati kamodzi."

Sindinatero. Chimene ndinanena ndikuchidziwa.

Akhansala anali pampando wakutsogolo. Osacheuka. Kumbuyo kwa khosi lawo kofiira.

Lachisanu, 9 Julayi

A Tokunaga, oyendetsa kampeni, andikalipira pamaso pa ana. "Mukufuna kutigwetsa kapena? Dzina limenelo kulibe. Ngati ukalamba wayamba nenani, atsikana alipo."

Ndiye ku Hinatano maikolofoni anapatsa Sayuri. Wochokera kutali, mumzinda muno wabwera chaka chatha. Ine mpando wakumbuyo, kukweza mkono basi. Ndinatchera khutu. Anatchula bwinobwino, Hi-na-ta-no, ngati mwana wa sukulu.

Khoma lija limabweza mawu, kuyambira kale. Lero labweza mawu a Sayuri yemweyo, koma dzina lina.

Anatsitsa maikolofoni pamiyendo. "Mayi Ogiwara, Nukesawa ndi chiyani?" Kenako misozi. A Otsuki sanasekenso tsiku lonse.

Sindinamuyankhe. Ndilembe pano. Ndinali wamng'ono, nthawi ya nkhondo. Mvula ya masiku ambiri, kenako phiri linatsika masanasana n'kukwirira nyumba zakumtunda, anthu ali mkati. Amuna onse anali kunkhondo, wokumba panalibe. Anawasiya momwemo, n'kuimika mwala pamwamba pake. Amayi ankatiletsa kutola mtedza wa m'mitengo ya kuri kumeneko. Mwalawo unachoka pomanga khoma. A Otsuki akuti uli kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu ya wodi, chafufumimba, udzu unamera.

Chakudya cha masana, mpunga wokulunga. Ndausiya.

Lamulungu, 11 Julayi

Ndapempha tchuthi cha m'mawa wokha, ndapita kwa Mikako. Mapazi otupa, koma akudya bwino.

Chitseko cha kukhitchini sichikutsekeka. Akuti n'chinyezi. Ndatuluka kuseri. Timapaipi ta m'khoma tikutulutsa madzi ofiirira ngati supu ya miso. Sabata yatha anali oyera, Mikako wavomera yekha. Fungo la mizu yowola. Padenga la kashedi timiyala tikugwa kamodzikamodzi, to, to, kuchokera kumtunda.

Noriaki mwana wabwino, wa kutali ku Kyushu, amaseka mano onse panja. Wandifungatira ndi ambulera: "Amayi, khomali akatswiri analiyeza. Likati ligwe ndiligwira ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera." Waseka, nanenso ndaseka. Bwanji ndaseka?

Ndauza Mikako abwere kwathu msanga, adzachirire kwa mayi ake monga zimakhalira. "Nthawi ikadalipo, Amayi. Mukungofuna wokuphikirani."

Lachiwiri, 13 Julayi



Hinatano, chakumasana, mvula yamawawa. Ine mpando wakumbuyo. Pamwamba pa khoma, pomwe palibe njira kapena masitepe, anthu ali ndanda. Opanda maambulera. Ambiri azimayi, mathalauza akumunda akale aja omanga m'akakolo, ena ana kumsana. Osakweza mkono, osawerama. Kungoyang'ana galimoto.

Chizolowezi n'choipa. Ndinalanda maikolofoni: "Zikomo kumtundako, zikomo poima pamvula!"

A Otsuki: "Mukuthokoza ndani? Mitengo?"

Atsikana sanaone kanthu. Koma akhansala mkono wawo unali panja pa windo, m'mwamba, ndipo unakhala choncho mpaka tinatsika phiri lonse. Malaya ananyowa mpaka paphewa.

Popuma akhansala anandiitanira kuseri kwa ofesi, pansi pa khonde. Ndudu osayatsa. "Wa mpango wamizeremizere uja ndi mayi anga. Ine ndinali kusukulu tsiku lija." Ndinkadziwa. Tonse akale timadziwa, koma sizinenedwa.

Ndinawauza za madzi ofiirira, za timiyala, za chitseko. Ndinati anthu asamutsidwe, holo ya pasukulu ilipo, mawu awo amodzi okha n'ngokwanira.

"Lidutse Lamulungu, tsiku lovota. Ndikawasamutsa lero ndagwa, ndipo khomalo palibe adzalikonze. Ndikakhala phungu ndibweretsa lina, lolimba. Masiku ochepa okha, Fumi."

Fumi. Anasiya kunditchula choncho tili ana.

Lachisanu, 16 Julayi

Mikako wabwera, ndi chikwama, nkhope ili ndwii. Ndinamuimbira kuti mutu ukuzungulira, ndagwa kubafa. Bodza. Akudziwa kuti ndi bodza. Noriaki wamuperekeza mpaka pakhomo, wabwerera: ntchito, komanso mphaka. "Musadandaule, Amayi, ndigona chipewa chachitsulo chili kumutu."

A Tokunaga achotsa Hinatano paulendo dzulo ndi lero. Sananene chifukwa. Sayuri wasiya ntchito.

Mvula siikuleka. Zovala sizikuuma, nyumba yonse nkhungu.

Loweruka, 17 Julayi

Tsiku lomaliza. Chimvula chosaona kutsogolo.

Sakanachitira mwina, Hinatano ndiye kuchimake kwa mavoti awo. Takwerako chakumadzulo, kunja kukadali kowala. Madzi ofiira akutsika ndi msewu. Pamwamba pa khoma sindinayang'ane.

Mtsikana anayamba zake. Ndinamulanda. Ndinaika mawu onse amene ndili nawo: tulukani m'nyumba, pitani kusukulu, phiri likubwera, siyani katundu, tulukani. A Otsuki anachepetsa liwiro, Mulungu awadalitse. Ndinabwereza mpaka a Tokunaga anazula waya. Akhansala maso anali otseka.

Anatuluka ndani? A Sunaga ndi akazi awo. Nkhalamba zina zingapo, timitolo m'manja, kutsika msewu osafunsa kanthu. M'nyumba zatsopano makatani anagwedezeka. Mayi wina anatikwezera mkono akumwetulira. Bambo wachinyamata pageti anafunsa a Otsuki pawindo: "Ku Nukesawa kumeneko ndi kuti? Kwachitika ngozi?"

Ndimati nditchule Hinatano. Ndikulumbira. M'kamwa mwanga ndinamva Hinatano.

Ananditsitsa poimira basi. A Tokunaga: "Musadzabwerenso, ngakhale kudzatenga ambulera." Ndinakweranso wapansi, kugogoda khomo ndi khomo, magolovesi oyera ali m'manja. "Si inu a pagalimoto aja?" Ena kuseka, ena kutseka. Mmodzi anandipatsa thaulo. Kwa Noriaki kotseka, anali asanaweruke. Mphaka kulira mkati.

Lolemba, 19 Julayi

Apambana. Pa wailesi ya kanema akujambula diso pa chidole chamwayi cha daruma, anthu akukuwa mokondwa banzai, banzai, akazi awo akuwerama. Tsopano ndi aphungu.

Mvula inaleka dzulo m'mawa, anthu akupita kukavota. Dzuwa. Tizilombo ta m'mitengo tayamba kulira tonse nthawi imodzi. Phiri lili chiimire.

Nkhalamba zija zabwerera kwawo ndi timitolo tawo. Kumsika azimayi akandiona amasiya kulankhula. Mikako: "Mwatichititsa manyazi, Amayi. Oyandikana nafe ndidzawayang'ana bwanji? Mawa ndikubwerera."

Mwina ndi ukalambadi. Mwina a Tokunaga akunena zoona. Ndachapa magolovesi, ndayanika, sindikudziwa kuti ndi a chiyaninso.

A Otsuki aimba foni. Moni palibe. "Ine zimene ndinamva ndinamva." Adula.

Lachitatu, 21 Julayi

Phiri linatsika dzulo masana. Kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe.

Mikako anali pakhomo panga, atakhala pansi, akulimbana ndi nsapato. Phokoso silinatipeze kuno. Akhwangwala okha, gulu lonse kudutsa pamwamba. Kenako masairini.

Mzere womaliza wonse. Theka la wotsatira. Mwayi wake ambiri anali kuntchito, ana kusukulu. Noriaki anapempha tchuthi kuti akonze m'nyumba mkazi wake asanafike.

Osowa atatu. Iyeyo, mayi wina, ndi bambo wina wodwala amene samadzuka.

Lero m'mawa aphungu afika kuchokera ku Tokyo, atavala zogwirira ntchito zotuwa, mizere ya m'sitolo isanachoke. Ojambula pambuyo pawo. Atuma munthu kudzanditenga kuholo ya pasukulu. Sanandiyang'ane kumaso. "Ozimitsa moto akufuna mawu omveka patali. Ndawauza kuti alipo."

A Otsuki anabweretsa galimoto ija, dzina la aphungu ataliphimba ndi mapepala. Anaiimika pomwe msewu wathera m'matope. Fungo lija, tsopano paliponse. Mkulu wa ozimitsa moto anandifotokozera: azimitsa makina onse, ine ndiitane, kenako aliyense chete, timvere.

Anazimitsa. Ndinaitana. Noriaki, ndine mayi ako, ngati ukundimva gogoda.

Chete. Mikako atandigwira mkono, zikhadabo kulowa m'thupi.

Kenako kugogoda. Pansi pa denga lina, kumanzere. Kwinanso kutsogolo. Kwinanso. Kukwera ndi phiri, mpaka kumtunda komwe sikunamangidwe nyumba. Pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati alendo pakhomo. Phiri lonse.

Ozimitsa moto anayang'anana. Mkulu wawo, motsitsa: "Osowa ndi atatu okhatu."

Aphungu anakhala pansi m'matope momwemo. Palibe anawadzutsa.

Mikako: "Wake ndi uti, Amayi? Wake ndi uti?" Ndinaloza pomwe panali khitchini. Akukumba pamenepo.

Lachinayi, 22 Julayi

Noriaki amutulutsa m'mawa uno. Wamoyo. Awiri aja ayi.

Chipatala. Miyendo, chifuwa. Mapaipi m'mphuno. Dokotala polankhula akuyang'ana nsapato zake. Mayi ake a Noriaki ali m'sitima, afika mawa. Maluwa ochokera kwa aphungu, aakulu kwambiri, anamwino awasiya pakhonde.

Watsitsimuka masana. Mikako anali atapita kukamwa madzi, munali ine ndekha. Anandizindikira. Anayesa kuseka, mano ali ndi dothi.

"Amayi, kunsi kuja sindinali ndekha. Ambiri. Aulemu ndithu, wina amandipukuta kumaso. Angosochera. Amafunsa kuti kuno ndi kuti. Ndimati Hinatano, iwo n'kumafunsabe."

Ndinati apume, asalankhule.

"Dzina lake lenileni ndi chiyani? Inu mukulidziwa. Ndiuzeni, ndikawauze. Akundidikira."

Ndinati ndaiwala.

Pakhonde ndamugwira Mikako mapewa. Ndati akakufunsa dzina la malo aja usamuuze, zivute zitani, unene kuti sulidziwa. Wandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Munthu akungofunsa, Amayi. Mwayambanso?"

Ndili pabenchi, ndikulembera pabondo. Chitseko chili ndi galasi, ndikuwaona. Mikako wakhala pambali pa bedi, dzanja limodzi pamimba. Milomo ya Noriaki ikuyenda. Mikako wapukusa mutu. Ikuyendanso. Noriaki wamugwira dzanja, akumukoka pang'ono.

Mikako wacheuka kundiyang'ana. Wawerama, tsitsi lagwera pankhope pake, pakamwa pake pafika pakhutu pa Noriaki