Waambulera Wandibera Funso Langa

Lachinayi, 12 Juni

Dziko la eni, nyumba ya mwana. Tikukhala pamwamba, kukwera kwake pachikepe. Pazenera madenga okhaokha ndi nkhunda. Namwino, mwana wathuyo, walawirira kuchipatala. Mkamwini naye ku makompyuta ake. Tatsala awiri, ine ndi Amayi, ndi wotchi yapakhoma.

Lamulo loyamba la nyumba ino: ndodo isagunde pansi. Akuti pansi pathupa ndi denga la munthu wina, ndipo munthuyo sachedwa kudandaula. Ha! Ndodo imeneyi ndi theka la pakamwa panga. Moyo wanga wonse ndadyera nthano: m'maukwati, pawayilesi, m'mabwalo a masukulu amene ine sindinalowemo. Kachitidwe kanga n'kamodzi. Nkhani ikafika pokoma ndimaima, ndodo pansi, gu! Amayi, akazi angawa, ali pakati pa anthu, n'kufunsa: "Ndiye zinatha bwanji?" Apo m'pamene ndimatsitsa mapeto. Funso limenelo ndi langa. Ndinawakwatira nalo pamodzi.

Zaka zino kuseka anachepetsa. Kufunsa amafunsabe. Ukalamba, ndimatero.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku lopuma, akuti tikaone mzinda. Kadzuwa kabwino, kamphepo. Nsapato yatsopano ikundiluma chala.

Mkamwini anapeza wotiyendetsa. Munthu wa chilankhulo chathu, anabwera kuno kalekale, ntchito yake kuonetsa alendo mzinda. Wamsinkhu wanga ndithu, koma tsitsi lakuda bii, la m'botolo. Mano onse alipo, kaya ndi ake. Ambulera yofiira m'mwamba kunja kulibe ndi mtambo womwe, akuti kuti tisamutaye. Ndamutcha Waambulera. Anatipatsa aliyense kawayilesi kopachika m'khosi ndi kachingwe kolowetsa m'khutu. Iye akulankhulira pa kanthu kapakamwa, mawu akutulukira m'mutu mwako mwenimweni.

Tinayenda osathamanga. Mlatho wamiyala, pansi mabwato a anthu osagwira nsomba. Msika wa maluwa okhaokha, wopanda ndi tomato yemwe. Sitima yoyenda pakati pa msewu ikuliza belu ngati njinga. Tiyi pamipando yapanja, m'tikapu toti ukameza kawiri watha. Zonsezo zabwino, sindikukana.

Koma Amayi! Kuseka kuyambira pamlatho. Kuseka kwakale kuja, kogwira nthiti, mpango mpaka kutsetsereka. Ine ndakufunafuna zaka zingati kuseka kumeneko? Nkhani zakenso zotani? Zopanda miyendo. Amayambira kumapeto, sapuma, anthu sawayang'ana m'maso. Titafika pachiboliboli cha munthu wokwera hatchi, anaima pang'ono, kumeza mate chabe. Ndipo ndinamva ndi makutu angawa: "Ndiye zinatha bwanji, achimwene?"

Achimwene! Popanda ndodo, popanda gu.

Ayisikirimu anandisungunukira m'manja mpaka m'chigongono.

Lamulungu, 15 Juni

Ndakhala chete tsiku lonse, ine amene amati ndimalankhula ndi m'tulo momwe. Namwino yekha ndiye waona: "Ababa, mwadwala?" Ndati nsapato.

Amayi akufotokozera mkamwini nkhani ya hatchi ija, chikhalirecho mkamwiniyo analipo. Ati, "Bambo aja mawu awo ndi omveka bwino." Omveka bwino. Angawa ndi a chule?

Kubafa ndaima nthawi pagalasi. Imvi, mipata ya mano. Botolo ine ayi.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinati aone mwini ntchito. Pachakudya chamadzulo, tonse anayi patebulo. Ndinatenga munthu wa pahatchi yemweyo n'kumuveka nkhani yeniyeni: hatchi inali yobwereka, anangoti akajambulitse nayo chithunzi, mwini wake mpaka lero amabwera m'mawa uliwonse kudzaima pansi pake ndi mtolo wa udzu. Mkamwini anatsamwa ndi madzi. Namwino misozi.

Ndafika pokoma. Ndaima. Ndodo ili kukhomo, lamulo la nyumba. Ndikuyang'ana Amayi. Iwo akundiyang'ana m'manja, akumwetulira. Zii. Zii mpaka wotchi kumveka. Mkamwini ndiye anandiombola mwaulemu: "Kenako, apongozi?" Ndinati ndaiwala. Ine chibadwire sindinaiwalepo nthano.

Mlendo wa tsitsi la m'botolo, funso laulere. Ine mwini wake, mano okha.

Lachitatu, 18 Juni

Ana atachoka ndinalimba mtima. Amayi akupukuta mbale, ine kumbuyo kwawo. Ndinati, "Kodi Waambulera uja wakupatsani chiyani?" Osatembenuka. Ndinabwereza mokweza. Osatembenuka. Mwano wotere sanauchitepo chikwatiranireni. Ndinawagwira paphewa. Kudzidzimuka kwake, mbale pang'onong'ono kugwa. Ati, "Mwabwera nthawi yanji?"

Ndinawafunsa maso ndi maso chifukwa chake dzulo sanafunse. Akundiyang'anitsitsa pamilomo. Kenako ati, "Simunagunde ndodo, abambo. Ndikanadziwa bwanji kuti mwafika?"

Ndinangokhala pansi. Pampando.

Akuti zinayamba kale, makutu kutseka pang'onopang'ono. Mawu anga amawamva ngati a munthu wolankhulira kuchipinda china. Ndiye amangoyang'ana ndodo: ikatsika, afunsa. Nthano zakale amazidziwa pamtima. Zatsopano, zimene ndinkawayesera poyamba asanamve wina aliyense, sanamvepo ndi imodzi yomwe. Ati, "Ndikanakuuzani bwanji? Munthu wa nthano, mkazi wake gonthi?" Loweruka lija kachingwe kaja kanangowathirira mawu m'khutu. Ati, "Ngakhale akanamatchula mayina a sopo ndikanaseka."

Ine ndinkati ndimawerenga nkhope za anthu bwalo lonse. Ya pamtsamiro womwewu ayi.

Nsanje yatha? Bodza. Yangosamuka. Khutu lakhala chitsekere zaka zonsezi, potseguka n'kulowa iye poyamba. Ndi nkhani yopanda miyendo!

Lachisanu, 20 Juni

Namwino walira, akuti namwino wanji wosaona za mayi ake. Wakonza zokaonana ndi dokotala wa makutu, koma mzere wake wautali, mwezi wamawa. Ine mwezi sindingapirire.

Ndauza mkamwini aimbire Waambulera foni, atibwereke tiwayilesi tija. Kupempha kwa munthu ameneyo, m'kamwa kuwawa ngati ndatafuna mankhwala. Iye kuseka: "Akuluakulu, mawayilesi tengani, koma ambulera sindibwereketsa." Waifuna ndani.

Ndavala nsapato zakale. Mawa.

Loweruka, 21 Juni

Kupaki, benchi yapafupi ndi dziwe la abakha. Anthu agonagona paudzu ngati alibe kwawo. Waambulera wabweretsa yekha zipangizo, akuti akhale nawo aphunzireko. Ndamuloza benchi ina, yakutali. Kachingwe sindinamupatse. Aonere pamilomo, amve mmene zimakhalira.

Kachingwe m'khutu mwa Amayi. Kanthu kaja pakamwa panga, kakununkhira mafuta a mwini wake, ndinakapukuta ndi malaya. Ndinati, "Amayi, mukundimva?" Anagwira pakamwa. Ati, "Iii, abambo, mawu anuwa anakalamba liti?"

Chabwino. Akalamba, koma afika.

Ndodo ndinaigoneka paudzu, dala. Ndinayamba ya hatchi yobwereka ija, kuyambira pachiyambi, monga nkhani imayendera. Iwo anatsinzina. Pa chithunzi anaseka. Pa mtolo wa udzu anagwira nthiti, mpango uwo, pansi! Abakha mpaka kuthawa. Ndinaponya diso kubenchi ija, aone.

Ndafika pokoma. Ndaima. Ndodo ili paudzu, maso awo ali chitsinzinire.

Anafunsa.

Mapeto ndinali nawo, okonzeka bwinobwino chiyambire Lachiwiri, ndipo ndinawatsitsira m'khutu mwawo, popanda gu.