Zilembo Ziwiri za Pakhoma la Tchalitchi

Lolemba, 14 Epulo 2025
Amene adzapeze kopeli andikhululukire, ndi nkhawa chabe za Shabani wolemba zikwangwani. A Bonifasio, akatekisiti a kuno ku Likoswe, akufuna ndilembe zilembo ziwiri pakhoma la tchalitchi pofika Loweruka. China ndi A. Chinacho chili ngati chibangili choduka. Zaka 22 sindinalembepo chinthu chomwe sindikuchimvetsa. Komanso ndine Msilamu, bwanji ngati ndi pemphero? Ndikakana aitana wa ku Mbombwe, uja amalemba zopendekeka.

Lachiwiri, 15 Epulo
Ndapita kwa a Bonifasio ndi mafunso folo papepala. Akuti si Chilatini, n'Chigiriki: alefa ndi omega, chilembo choyamba ndi chomaliza. Akhristu amatanthauza kuti Ambuye ndi woyamba ndi womaliza. Ndafunsa ngati Chigiriki ndicho chinabala Chilatini. "Ayi achimwene, n'pachibale, ngati Chiyao chanu ndi Chinyanja. Kholo lake linafa osalembedwa." Mawu oti mayi, m'Chigiriki meter, m'Chilatini mater. Ndalemba kawiri.

Akuti Agiriki anayambira m'mapiri ndi pazilumba, ulimi ndi mabwato. Anali ndi kalembedwe kawo kakale, kenako anakaiwala. Mtundu wonse kuiwala kulemba. Zandikhudza.

Lachitatu, 16 Epulo
Mkazi wanga Jamila: "Inu, mawa mukaifunsa ndi penti yomwe kuti kwawo n'kuti."

Lachinayi, 17 Epulo
Funso lomaliza: nanga ataiwala anatani? A Bonifasio akuti anabwereka zilembo kwa amalonda a ku Foinike, ndipo za Aroma zinachokera ku zawozo, mpaka kufika kwa ife a sitandade eyiti. Atayamba kutchula alefa, beta, ine ndangoti alifu, baa, monga kumadrasa. Aseka. "Mwaonatu, nazonso n'za mudzi womwewo."

Lachisanu, 18 Epulo
Potuluka ku mapemphero a Juma ndawaonetsa a Shehe Mahmud pepala lija, ndawauzanso zonse osabisa. Aliyang'ana nthawi yaitali. Akuti Woyamba ndi Womaliza alipo pa mayina a Allah. "Lembani zilembozo a Shabani, kupemphera muzibwera kuno." Nditafika kunyumba ndayeserera omega kasanu pakatoni.

Loweruka, 19 Epulo
Ndayamba seveni koloko, amayi akukolopa m'tchalitchi, a Bonifasio atandigwirira makwerero. Chilembo A sichinavute. Omega ndamujambula ndi chingwe ndi msomali kuti azungulire bwino. "Tsikani achimwene, zakongola." Ndatsika, ndaima pakhomo kuyang'ana. Phazi lakumanja la omega lafupika ndi kachala kamodzi. Iwo akuti palibe adzaone. Ndawauza agwirenso makwerero.