Dzanja la Rozita

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Nandolo wa m'munda mwanu wachita bwino, wina tagulitsa ku Muloza. Mng'ono wanga Luwiza ali ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Koma chandilembetsa ndi mdzukulu wanu Rozita, ndi alongo anu a Bernado.

Rozita anagwa panjinga pochokera kuchigayo, n'kuthyoka mkono wamanja pamwamba pa chigongono. Ine ndinali ku Mongwe kophunzitsa. Amalume, poti ndi eni mbumba, anakaniza zachipatala. Anamumanga ndi nsungwi ndi luzi, kenako anathyola mwendo wa nkhuku n'kuumanganso, ati nkhukuyo ikadzayenda, mwananso wachira. Munthu wa imvi zake, Amayi, m'mawa kumakazonda nkhuku! Dzanja la mwana sanaligwire n'komwe.

Ndikulongosolereni, poti inu munkafuna kumva chinthu mpaka pansi pake. Mumkono muli mtsempha waukulu wopititsa magazi kudzanja, ngati ngalande yakudimba. Fupa likathyoka, nsonga yake imatha kuufinya kapena kuung'amba. Ukamanganso zolimba pamwamba pake, watsekeratu. Nditafika ndinapeza dzanja lili zii, zikhadabo zitayera, zala zosagwedezeka. Mwana anali atasiya kulira, amalume n'kumati kuchira ndi kumeneko.

Ndinathamangira naye kuchipatala cha ku Milanje, koma anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Kelimane. Madokotala anasoka mtsemphawo, mkono sanadule. Koma mnofu wina unali utafa kale posowa magazi. Zala zapindikira mkati, cholembera sichigwirika.

Alongo anuwo sanapondeko kuchipatala. Ali pamsika, chipewa chili pambali, kuuza anthu kuti fupa analumikiza ndi iwo, madokotala anangowononga ntchito yawo. Paja munkati Bernado akadziwa kanthu kamodzi, mudzi wonse usagone. Tinkaseka. Pano sindiseka, ndimangowayang'ana ngati chitsa chapanjira.

Potsanzika tsiku lomwe munatisiya lija, munati tiziwamvera, ndi amene atsala. Ulemu wa moni ndiwapatsabe chifukwa cha inu. Koma mwana wa mbumba yanu sadzamugwiranso ine ndili moyo, ngakhale chikhale chipsera cha phala.

Madzulo ndimakhala ndi Rozita pakhonde, tikuphunzira kulemba ndi lamanzere. Zilembo zikupendama, iye amakwiya, ine ndimadikira. Ndikulonjeza, Amayi, mvula isanagwe abwerera kusukulu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filomena