Mbale ya Phulusa

Lachitatu madzulo, Kawale.

Phulusa, mphaka wanga wodwala shuga, amadyera yekha kubafa, kutali ndi anzake awiri. Adokotala a ziweto anandichenjeza kuti, "Amayi, adye kaye, jakisoni pambuyo, apo ayi shuga wake atsika moopsa." Ndinamuikira tinsomba ta usipa khumi ndi tiwiri, n'kupita kokaanula zovala. Pobwera, mbale inali yoyera, ndiye ndinamubaya.

Kenako ndinaona mnzake Tsabola ali pakawindo ka bafa, akudzinyambita. Ine wowerenga chilichonse, ndinaiwala kutseka windo!

Wadya ndani? Phulusa akuyenda modzandira. Ndamupaka uchi m'nkhama kawiri kuti shuga wake akwere. Adokotala ndawaimbira kasanu, sakuyankha, ndipo chipatala chawo chatseka kale.

Phulusa ndamuikira usipa wina pamphuno penipeni. Wangoununkhiza. Akapanda kudya...