Dzina la Yusufu lamveka pa wailesi

Loweruka lomaliza la Seputembala, kuno ku Ntaja. Lero ndasangalala kwambiri.

Tinalipo atatu pakhonde la sitolo pomwe ndimasokera: ine, ababa, ndi Che Mmadi eni wailesi, tikumvera mpira. Mabatire ndinawayanika padzuwa kuyambira m'mawa.

Ababa ananeneratu kuti mng'ono wanga Yusufu akapanda kumveka pa wailesi mvula isanagwe, asiye timu ya kampani ku Blantyre, abwere adzalime thonje. Chilolezo chopitira ndinamupemphera ndine. Vuto ndi loti amasewera pakati. Ntchito yake ndi kulanda mpira ndi kugawira anzake, pomwe woulutsa amakuwa dzina la wogoletsa.

M'chigawo chachiwiri tinangomva, "Yusufu walanda! Yusufu wadutsa awiri, waupereka!" Basi chigoli. Ndinadumpha mpaka kutaya mbale ya mabatani.

Che Mmadi anafuula, "Mwamumva mwana wanu, achimwene? Dziko lonse lamumva!"

Ababa anavula chisoti. Kenako anafunsa, "Nanga poti anafika pafupi chonchi, wapatsiranji mnzake?"

Ndinati, "Iyayi ababa, kampani inamutengera zomwezo."

Anapukusa mutu uku akumwetulira. "Ndiye kuti ndinamulera bwino, si womana. Umuuze akhale konko. Koma munda wake ulima ndiwe, poti unamupemphera ndiwe."

Ndavomera ndisanaganize n'komwe. Munda wake uja ngwa zitsa zokhazokha, ndipo khasu langa lilibe mpini. Mawa ndikadula mpini ndikuimba.