Pasipoti imene alamu anabisa

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu ndi amuna anu a Mpulula, amene anandilakwira. Muli bwanji ku Joniko? Ine miyendo ikutupa, ndipo chimwalirire mayi a ana, m'nyumba muno muli zii.

Lolemba ndinakameta ku Limbe. Pakhoma panali chithunzi cha timu yathu ya mpira, chaka chija tinalowa chikho cha makalabu a mu Africa. Wometayo anati, "Madala, akuti goloboyi wake anathawa ulendo wa ku Lusaka chifukwa cha mantha." Sanadziwe kuti akumeta goloboyiyo.

Pamasewero oyamba kuno sanandichinye. Alamuwo, goloboyi wachiwiri, anabisa pasipoti yanga nakwera ndege ndi jezi yanga. Ku Lusakako anawachinya zigoli zinayi, tinatuluka m'chikhomo.

Ndisanafe, alembe ndi dzanja lawo kuti sindinathawe, ndikamate pansi pa chithunzicho. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Faliyoti wa ku Chinyonga